Kalembera sasankha nyumba zoti zigwetsedwe

M'maminibasi a ku Ndirande ndi Bangwe mumamveka mphekesera yakuti khonsolo imatenga mayankho a kalembera wa anthu ndi nyumba posankha nyumba zogwetsa. Limeneli ndi bodza.

Pa kalembera wa 2018, a National Statistical Office, nthambi ya boma yoona za ziwerengero, ankafunsa za denga, khoma, madzi akumwa ndi chimbudzi. Lamulo limaletsa kuulula zimene munthu wayankha. Zomwe zimatuluka ndi ziwerengero za kadera konse, mabanja ambiri pamodzi, popanda dzina la aliyense. Zimaonetsa komwe nyumba za zidina zachuluka kapena zimbudzi zikuchepa, kuti thandizo liyambire kumeneko.

Chodetsa nkhawa chenicheni n'chakuti ziwerengerozo zimakalamba. Namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe mu 2023, zambiri zinasintha, choncho ogawa malata ayenera kuyamba ayendera maderawo ndi mafumu.