PGP: pulogalamu yomwe boma la America linkaiyesa chida chankhondo

Mu 1993 boma la United States linayamba kufufuza Phil Zimmermann, katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta wa ku Boulder, Colorado, pomuganizira kuti watumiza zida zankhondo kunja popanda chilolezo. Koma nkhani ya mkuluyu sinali ya mfuti ayi. Chomwe anapanga ndi pulogalamu yobisa uthenga yotchedwa Pretty Good Privacy, mwachidule PGP, yomwe anaitulutsa kwaulere mu 1991 ndipo inafalikira kumayiko ena kudzera pa intaneti. Malamulo a nthawiyo ankaika mapulogalamu amphamvu obisa uthenga m'gulu la zida, ndipo kiyi (nambala yobisira uthenga) wotalika kupitirira ma bit 40, omwe ndi manambala a 0 kapena 1 okwana 40, sankaloledwa kutuluka m'dzikomo mwachisawawa. Makiyi a PGP anali aatali kwambiri kuposa pamenepo.

Kuti mumvetse chomwe chinadetsa nkhawa boma, muyenera kudziwa momwe PGP imagwirira ntchito. Imelo wamba imadutsa pa maseva (makompyuta osunga ndi kutumiza mauthenga) angapo isanafike kwa mwini wake, ndipo woyang'anira seva atafuna angathe kuiwerenga. PGP imapatsa munthu aliyense makiyi awiri, wina wapoyera wina wachinsinsi. Wapoyerayo ali ngati loko wotsegula amene mumagawira aliyense wofuna kukulemberani. Iye amaika kalata m'bokosi n'kutseka ndi loko wanuyo, ndipo akangotseka, ngakhale iye mwini sangatsegulenso ndi lokoyo. Chotsegulira ndi kiyi wachinsinsi amene ali ndi inu nokha. Kiyi yemweyo mumasainira naye uthenga kapena fayilo, kuti wolandira atsimikize kuti yachokeradi kwa inu ndipo sinasinthidwe panjira. Masamu ake sanayambitse ndi Zimmermann, analipo kale kuyambira m'ma 1970. Iye anangowafikitsa m'manja mwa anthu wamba, ndipo boma silinakondwere nazo.

Kafukufuku ali mkati, mu 1995, source code yonse ya PGP, yomwe ndi malangizo olembedwa opangira pulogalamuyo, inasindikizidwa ngati buku ndi MIT Press, osindikiza mabuku a yunivesite ya MIT. Apa panali nzeru: pulogalamu ya pa disiki inali yoletsedwa kutuluka, koma buku limatetezedwa ndi ufulu wolankhula wa m'malamulo aakulu a dzikolo. Mu Januwale 1996 boma linatseka nkhaniyi osamuimba mlandu uliwonse, ndipo chaka chomwecho Zimmermann anakhazikitsa kampani ya PGP Inc. Njira ya buku ija anaigwiritsanso ntchito pa PGP 5: mabuku anapita ku Ulaya, anthu ongodzipereka anajambula masamba ake ndi makina a scanner n'kuibwezeretsa pulogalamuyo pa kompyuta.

Kampaniyo sinakhalitse payokha. Mu Disembala 1997 inagulidwa ndi Network Associates, yomwe patapita nthawi inasiya kutulutsa source code yonse kuti anthu aione. Kwa ife ogwira ntchito yoteteza makompyuta, imeneyi si nkhani yaing'ono. Pulogalamu yobisa zinsinsi imene akatswiri akunja sangaiunike, mumangoikhulupirira chifukwa wogulitsa wanena kuti ndi yabwino, basi. Zimmermann anachoka mu 2001. Mu 2002 kampani yatsopano ya PGP Corporation inagula katunduyo n'kulimbikira zogulitsa kwa mabanki ndi mabungwe aakulu. Kampani ya Symantec inaigula mu 2010 pa ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni, ndipo mu 2019 gawo la Symantec lotumikira makampani linapita ku kampani ya Broadcom.

Chomwe chinapulumutsa PGP pa kugulitsidwagulitsidwa konseku chinachitika kale mu 1997, pomwe PGP Inc. inapereka kapangidwe ka uthenga wake ku bungwe la IETF, lomwe limakonza miyezo ya intaneti. Mu 1998 muyezo wa OpenPGP unasindikizidwa, moti aliyense akanatha kulemba pulogalamu yake yomvana ndi PGP popanda kupempha kampani iliyonse. Werner Koch wa ku Germany analemba GnuPG, pulogalamu yaulere yotsatira muyezowu, yomwe source code yake ndi yoonekera kwa onse. Lero makompyuta ambiri oyendera Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows) amadalira masiginecha a OpenPGP potsimikiza kuti mapulogalamu omwe akutsitsa ndi enieni, ndipo makampani ochuluka amagwiritsa ntchito OpenPGP pobisa mafayilo a malipiro asanawatumize kubanki.

Pa imelo ya tsiku ndi tsiku, pomwe cholinga choyamba chinali, PGP sinapite patali. Ndi yovuta kugwiritsa ntchito. Edward Snowden, yemwe anaulula zinsinsi za ukazitape wa boma la America, atafuna kulumikizana ndi mtolankhani Glenn Greenwald kumapeto kwa 2012, Greenwald sanaiike pa kompyuta yake, ndipo Snowden anadzera kwa Laura Poitras, wojambula mafilimu yemwe ankaidziwa kale. Komanso PGP imangobisa zomwe zili m'kati mwa kalata. Dzina la wotumiza, la wolandira ndi nthawi yotumizira zimakhala poyera, kawirikawiri ndi mutu wa imelo womwe. Ndiye ngati kuntchito kwanu akupatsani PGP, musalembe chinsinsi pa mutu wa kalata, ndipo kiyi wachinsinsi musungenso pamalo ena otetezeka, chifukwa akatayika mungalephere kutsegulanso mafayilo anu akale.