Asanakugwireni msana, onani kaye chiphaso chake

Mu Lusaka muno msana wasanduka malonda. Mukatsegula Facebook mumapeza kanema wa munthu atagona pakabedi kopapatiza, wina atamugwira khosi, kenako "khwa!", wodwala n'kudzuka akumwetulira. Pansi pake pali nambala ya foni ndi dzina la ntchito: osteopath. Ena ali ndi zipinda zooneka bwino m'mayadi, ena amakupezani kunyumba kwanu atanyamula bedi lopinda m'buti ya galimoto. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo odwala amakonda kundifunsa ngati anthu amenewa ali odziwadi ntchito. Ena anaphunzira mokwanira, ena anangochita kakosi ka masabata owerengeka, ndipo kanemayo sangakusiyanitsireni. Chimene chimasiyanitsa ndi kaundula wa bungwe loyang'anira ntchito zachipatala.

Ntchito ya osteopath, yothandiza odwala pogwira mafupa ndi minofu ndi manja, inayambira ku America mu 1874. Anaiyambitsa ndi dokotala wina dzina lake Andrew Taylor Still, amene anataya chikhulupiriro pa mankhwala a nthawi yake ana ake atatu atamwalira ndi matenda oumitsa khosi mu 1864. Iye ankaphunzitsa kuti mafupa, minofu ndi mfundo zikamayenda bwino, thupi limatha kudzikonza lokha, ndipo mu 1892 anatsegula sukulu ku Kirksville m'chigawo cha Missouri. Mmodzi wa ophunzira ake, John Martin Littlejohn, anakatsegula sukulu ina ku London mu 1917.

Kuchokera pamenepo njira zinapatukana, ndipo mpaka lero anthu amasokonezeka nazo. Ku America, osteopath, amene amakhala ndi digiri yotchedwa DO, ndi dokotala weniweni: amalemba mankhwala, amagwira ntchito m'mawodi, ena amachita maopaleshoni. Ku Britain, ku France, ku Australia ndi kwina kochuluka, osteopath si dokotala wa mankhwala; iye amagwira ntchito ndi manja, kutikita minofu, kuyendetsa mfundo ndi kulangiza masewero olimbitsa thupi. Choncho anthu awiri akhoza kubwera mu Lusaka ndi dzina limodzi la ntchito koma maphunziro awo ali otalikirana kwambiri. N'chifukwa chake funso lakuti "munaphunzira kuti, kwa zaka zingati?" si mwano ayi.

Britain ndiye anamanga mpanda wolimba. Nyumba ya malamulo kumeneko inakhazikitsa lamulo la Osteopaths Act mu 1993, lomwe linabala bungwe la General Osteopathic Council. Kuyambira mu 2000, ndi mlandu kudzitcha osteopath m'dzikomo ngati dzina lako mulibe m'kaundula wa bungweli. Kuti ulowemo uyenera kumaliza maphunziro ovomerezeka, omwe kawirikawiri amatenga zaka 4 ndipo amakhala ndi maola osachepera 1,000 ogwira odwala enieni pamaso pa mphunzitsi. Uyeneranso kuonetsa kuti ndiwe wamakhalidwe abwino ndi wathanzi loyenera ntchito, komanso kukhala ndi inshuwalansi yolipira wodwala ukamuvulaza. Ukalowa sizinathe: pa zaka 3 zilizonse uyenera kuwonjezera maphunziro a maola 90. Kaundulayo ali pa intaneti, aliyense angathe kulembamo dzina n'kuona, ngakhale ali ku Chilenje.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsanso muyezo wake mu 2010. Kwa munthu amene sanaphunzirepo zachipatala, linati pamafunika maola pafupifupi 4,200, ndipo 1,000 mwa amenewo akhale ogwira odwala moyang'aniridwa. Ikani zimenezi pambali pa satifiketi ya kosi ya pa intaneti imene munthu amaimaliza pa tchuthi cha Isitala. Ku South Africa ntchitoyi ili m'manja mwa Allied Health Professions Council of South Africa, pansi pa lamulo la 1982, limodzi ndi ma chiropractor, omwenso amawongola msana ndi manja.

Nanga kwathu kuno? Khomo ndi Health Professions Council of Zambia, imene ambiri timangoti HPCZ. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la Health Professions Act la 2009, kulowa m'malo mwa Medical Council of Zambia. Madokotala, azamano, ma clinical officer, ife a mafizo, ojambula ma X-ray ndi ena ambiri timalembetsa kumeneko. Anamwino ndi azamba okha ndiwo ali ndi bungwe lawo. Amene akufuna kupima ndi kuthandiza odwala monga wogwira ntchito yachipatala m'dziko muno ayenera kudutsa pakhomo limeneli, ndipo pepala la ku London, la ku Paris kapena la ku Johannesburg silimulumphitsa. Pepala lakunja limangonena kuti munthuyu anaphunzira, kapena kuti kwawoko amaloledwa. Chilolezo chogwira thupi la munthu wa ku Matero chimaperekedwa kuno.

Wophunzira kunja amayamba ndi kutumiza masatifiketi ake ku Zambia Qualifications Authority, ZAQA, kuti aone ngati ali enieni komanso ngati akufanana ndi mlingo wa maphunziro athu. Amafunikanso kalata yochokera ku bungwe limene linkamuyang'anira kumene ankagwira ntchito, yotsimikiza kuti sanachotsedwe m'kaundula ndipo alibe mlandu woyembekezera. Kalata imeneyi anthu amaipeputsa, komatu ndi imene imatseka njira ya munthu wothamangitsidwa kwina kuti asangosamuka dziko n'kuyambiranso. Kalembera wake amakhala wa magawo: ophunzira kunja amayamba ndi wakanthawi, akugwira ntchito moyang'aniridwa, asanalembedwe mokhazikika, ndipo palinso wa anthu ongobwera kudzathandiza kwa nthawi yochepa. Mlendo amafunikanso chilolezo cha ntchito cha ku Immigration, koma chimenecho n'chokhudza kukhala ndi kulipidwa m'dziko muno, osati luso lake.

Pali mapepala awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi satifiketi yosonyeza kuti munthu analembedwa m'kaundula. Lachiwiri ndi chiphaso chogwirira ntchito, chomwe chimatha chaka chikamatha ndipo chiyenera kukonzedwanso chaka ndi chaka, munthu ataonetsa kuti wakhala akuwonjezera maphunziro. Zili ngati galimoto: buku lake limanena kuti ndi yanu, koma wapolisi pamsewu amayang'ana kapepala ka pagalasi ngati sikanathe masiku. Malo enieniwo nawonso amafunika laisensi ya HPCZ ngati akutchedwa chipatala.

Mukalowa m'chipinda choyembekezera, imani pafupi ndi khoma muwerenge mafulemu amene apachikidwa. Kawirikawiri mumapeza satifiketi ya PACRA yolembetsera kampani, pepala la ZRA la misonkho, chilolezo cha malonda cha khonsolo, ndi dipuloma yokongola yamalembo agolide ya sukulu imene simunaimvepo. Zonsezo n'zabwino, koma wogulitsa matayala ku Kamwala alinso ndi zitatu zoyambazo. Inu funani pepala lokhala ndi dzina la HPCZ, dzina la munthu amene akugwireniyo (osati la mwini nyumba), nambala yake, ntchito imene analembetsa, ndi chaka. Ngati analembetsa ntchito ina koma pakhomo analemba ina, funsani. Wogwira ntchito moona mtima sakwiya ndi funso limeneli, amadzuka n'kukuonetsani.

Ena amati zonsezi ndi nsanje chabe ya ife a m'zipatala, kuti tikufuna odwala onse azibwera kwa ife. Nsanje ilipo m'ntchito iliyonse, sindikana. Koma chimene chimanditayitsa tulo ndi china. Kupotokola msana kuti ulire si kovuta. Munthu angakuphunzire m'masiku ochepa. Chotenga zaka ndi kudziwa msana umene suyenera kugwidwa.

M'dziko muno TB ndi yochuluka, ndipo sikhala m'mapapo mokha. Imalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya pang'onopang'ono, mpaka fupa limaphwasuka n'kupanikiza mtsempha waukulu wodutsa mkatimo. Wodwala wake poyamba amangoti msana ukupweteka. Ndinaonapo bambo wina woyendetsa minibasi amene kwa miyezi ankapita kukawongoledwa msana kwinakwake mu tauni, poganiza kuti ululuwo ukuchokera ku mpando wa galimoto. Anafika kwa ife akukoka mwendo, lamba wa buluku ataboolanso mabowo ena chifukwa cha kuonda. Mkazi wake anati usiku amasintha malaya chifukwa cha thukuta. Nditayendetsa chala pamsana ndinapeza kanundu kolimba pakatikati, pamene bamboyo analumpha ndi ululu. Kumene ankapitako palibe anamufunsapo za kuonda, za thukuta kapena za kutentha thupi. Ankangomugoneka chafufumimba n'kukanikiza pamalo omwewo. X-ray ndi zopima zina zinaonetsa TB. Anayamba mankhwala, anachira ndithu, koma mwendo sunabwerere mwakale.

Si TB yokha. Khansa ya prostate kwa abambo ndi ya bere kwa amayi zimakonda kufalikira ku mafupa a msana. Okalamba, makamaka amayi amene anasiya kusamba, amatha kukhala ndi mafupa ofooka amene amathyoka ndi kukanikiza kwapang'ono. Ndipo pali zizindikiro zimene sizidikira mawa: dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, kulephera kukodza kapena kudziwonongera osamva, miyendo yonse iwiri kufooka. Ameneyo apite ku chipatala chachikulu cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa tsiku lomwelo, osati pabedi la wotikita. Osteopath wophunzira bwino amazidziwa zonsezi, amafunsa mafunso ambiri asanagwire, ndipo sachita manyazi kulemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala. Maola 1,000 aja amathera pa zimenezi.

Za kulira kwa mfundo kuja, anthu amati fupa labwerera m'malo mwake. Si choncho. M'kati mwa mfundo muli timadzi toterera, ndipo mukaikoka mwadzidzidzi mumapangika kathovu ka mpweya. Phokoso limachokera pamenepo, monga zala zimalirira mukazithyola. Thandizo la manja limachepetsadi ululu wa msana wamba kwa anthu ambiri, koma mwapakatikati, ndipo malangizo a 2016 a NICE, bungwe lolangiza zachipatala ku Britain, amati liziperekedwa limodzi ndi masewero olimbitsa thupi, osati palokha. Amene akukulonjezani kuti pogwira msana achiza shuga, BP, kusabereka kapena khunyu wapyola malire, kaya ali ndi chiphaso kapena ayi. Wonena kuti musiye ma ARV kapena mankhwala a TB, m'thaweni ndipo mukamunene.

Sindikunena za agogo a kumudzi amene amatikita bondo lobinya ndi madzi otentha. Iwo sadzitcha dzina la ntchito ya kusukulu, ndipo asing'anga ali ndi bungwe lawolawo. Nkhani yanga ili pa munthu wovala chovala choyera, wolandira ndalama, amene akugwiritsa ntchito dzina lopangitsa wodwala kukhulupirira kuti pali wina akumuyang'anira.

Kuyang'anirako kumaoneka zinthu zikalakwika. Munthu wolembetsedwa akakuvulazani, akakugwirani mosayenera kapena akaulula chinsinsi cha matenda anu, mungathe kulemba dandaulo ku HPCZ. Bungweli lili ndi mphamvu yofufuza, kumuitana kuti ayankhe, kumudzudzula, kumuimitsa ntchito kapena kumufufuta m'kaundula. Wosalembetsa alibe chiphaso choti alandidwe. Nkhani yake imakhala ya apolisi ndi makhoti, ndipo nthawi zambiri pofika pamenepo amakhala atasintha nambala ya foni ndi dzina la tsamba. Choncho sungani lisiti, lembani dzina lonse ndi nambala ya kalembera ya amene wakuthandizani, tsiku, ndi zimene anakuchitani. Ngati mukukayika, funsani a HPCZ ngati dzinalo lilimo m'kaundula wa chaka chino musanalipire ndalama ya maulendo khumi imene ambiri amafuna kuti iperekedweretu.