Si haidrojeni aliyense amene sawononga chilengedwe

Ambiri amaganiza kuti haidrojeni aliyense (mpweya wopepuka umene umagwira ntchito ngati mafuta) ndi waukhondo, poti akamapereka magetsi m'fuel cell (chipangizo chopanga magetsi kuchokera ku haidrojeni) amatulutsa madzi okha. Koma utsi umatuluka pomupanga. Haidrojeni wochuluka padziko lapansi amachokera ku gasi wapansi ndi malasha, ndipo kilogalamu imodzi yopangidwa ndi gasi imasiya makilogalamu pafupifupi 10 a mpweya wa kaboni dayokisaidi.

Haidrojeni waukhondo, wotchedwa wobiriwira, amapangidwa pogawa madzi ndi magetsi m'makina otchedwa electrolyser. Kilogalamu imodzi imafuna malita osachepera 9 a madzi oyeretsedwa bwino, chifukwa mchere umawononga zipangizo zamkati, komanso magetsi okwana 50 mpaka 55 kWh (mayunitsi a magetsi). Koma kilogalamuyo imasunga pafupifupi 33 kWh yokha, ndipo mukaisandutsanso magetsi mumangopeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a amene munalowetsa. Magetsiwo akakhala ochokera ku malasha, utsi wake umaposanso wa njira ya gasi ija, choncho ayenera kukhala a dzuwa, mphepo kapena madzi.

Kuthira haidrojeni m'magalimoto ang'onoang'ono n'kutaya magetsi, chifukwa batire imabweza ambiri. Kumene akufunikadi ndi kumafakitale a feteleza ndi zitsulo.