Chaji ya pa bilu ya foni ukakana direct debit kuno ku UK: mafunso omwe mwatipanikiza nawo

Abale, masiku ano pa tebulo lathu lothandizana a Malawi kuno ku Britain nkhani yachuluka ndi ya mabilu a foni ndi intaneti. Ena mukubwera ndi pepala la bilu mutazunguliza mzere umodzi ndi cholembera, ena mukutumiza zithunzi usiku mukuchokera ku shifiti, funso lake lomwelomwelo, ndalama iyi yachokera kuti poti ine bilu ndimalipira nthawi yake. Nde tati tingoyankha pamodzi. Tineneretu, ife ndi ongodzipereka, si ife maloya, ndipo palibe kampani ya foni yomwe timaigwirira ntchito.

Direct debit yo ndi chani kwenikweni?

Ndi chilolezo chomwe mumapereka kuti kampani izitapa yokha ndalama ya bilu mu akaunti yanu ya kubanki tsiku lomwe mwagwirizana.

Nde ndikakana azindilipiritsa ndalama ina? Ndizilipira kuti ndilipire?

Izi sizinayambe lero. Mu May 2007 kampani ya BT inayamba kutenga £4.50 pa miyezi itatu iliyonse kwa anthu osalipira pa direct debit, Virgin Media nayo nthawi imeneyo inkatenga £5 pamwezi, ndipo anthu anadandaula kwambiri makamaka okalamba omwe anazolowera kukalipira ku Post Office ndalama ili m'manja. Makampani amati kulandira kashi kapena cheke kumawadyera ndalama, pamafunika munthu wowerengera, mashopu a PayPoint, omwe anthu amalipirirako mabilu, nawo amadya pomwepo, komanso ati osalipira pa direct debit ndi omwe amachedwa kawirikawiri. Ife tikungofotokoza zomwe iwo amanena, sitikuti tikuvomereza zonse. Kwathu tinazolowera kugula mayunitsi a TNM kapena Airtel, akatha basi atha, palibe amakulanga chifukwa cha njira yomwe walipirira, nde kudabwa kwanu n'komveka.

Koma malamulo amalola zimenezi?

Apa ndi pomwe mikangano yambiri ikuchokera, nde werengani modekha. Yankho likutengera njira yomwe inu mukulipirira komanso momwe chajiyo yalembedwera mu kontrakiti yanu.

Ngati mukulipira ndi kadi yanu ya kubanki, debit kapena credit, kapenanso PayPal, kuyambira pa 13 January 2018 lamulo la kuno linaletsa wamalonda kuwonjezera ndalama chifukwa choti mwagwiritsa ntchito kadiyo. Ngati mukulipira kashi kapena cheke, chaji siyoletsedwa, koma malamulo omwe anayamba kugwira ntchito mu April 2013 amati isapose ndalama yomwe kampaniyo ikuwonongadi polandira malipiro anu mwa njira imeneyo, isakhale njira yopangira phindu. Izi zisanachitike, mu 2008, Ofcom, bungwe loyang'anira makampani a foni kuno, inali itanena kale kuti machaji otere azionekera poyera munthu asanasaine, asamabisidwe m'timalemba ting'onoting'ono kumapeto.

Chovuta n'chakuti kampani itha kulemba mozondotsa. M'malo moti "mwawonjezeredwa chifukwa chokana direct debit" imalemba kuti "olipira pa direct debit tawachotsera", m'thumba mwanu zotsatira zake n'zofanana koma pamalamulo sizionedwa chimodzimodzi, kuchotsera mtengo nthawi zambiri kumaloledwa. N'chifukwa chake sitingakuuzeni pa foni kuti yanuyo ndiyolakwika tisanaone pepala. Komanso ambiri mukusakaniza zinthu zitatu: chaji ya njira yolipirira, chaji yotumizira bilu ya pepala kunyumba, ndi chindapusa cholipira mochedwa. Lamulo la makadi lija silikhudza ziwiri zomalizazo. Mabilu angapo omwe mwatibweretsera ndi mkwiyo tikawerenga timapeza kuti ndi chaji ya pepala, yomwe imatha mukangosankha kulandira bilu pa imelo.

Si makampani onse amene ali ndi chajiyi lero, ndipo ena sakulola n'komwe kutenga kontrakiti ya pamwezi popanda direct debit. Kuyambira June 2022 amayenera kukupatsani chidule cha kontrakiti musanavomere, pemphani chimenecho muone mizere ya machaji.

Ine ndimalandira pa sabata ndipo mashifiti amasinthasintha, ndikuopa adzatapa akaunti ilibe kanthu.

Mantha amenewa ndi enieni ndipo sitikuwapeputsa. Munthu wogwira ntchito yosamalira okalamba kudzera ku ejensi, sabata ino mashifiti asanu sabata yamawa awiri, renti yadutsa, kumudzi nako akudikira ya fizi ndi ya feteleza, sakukana direct debit chifukwa cha mwano ayi, akufuna adziwe yekha tsiku lomwe ndalama ikutuluka. Direct debit ikabwerera kampani itha kukuikani chindapusa, mabanki ena nawo amadula yawo kapena akaunti imalowa mu overdraft, kutanthauza ngongole ya kubanki.

Makampani ambiri amalola kusuntha tsiku lotapa, nde imbani mupemphe likhale tsiku limodzi kapena awiri malipiro anu atalowa. Kachiwiri, mabanki akuluakulu kuno ali ndi akaunti yotchedwa basic bank account, yaulere kuyambira January 2016, ilibe overdraft ndipo banki siikudulani kalikonse direct debit ikalephera kudutsa, ngakhale kampani ya foniyo itha kukulipiritsanibe zake. Ndi ya anthu okhala kuno movomerezeka omwe alibe akaunti ina kapena sangathe kutsegula yamba. Zikakanika zonsezi, SIM ya pay as you go ilipo, mumalipiriratu ndipo nkhani ya bilu palibe.

Nanga bwanji inu mumangotikankhira ku direct debit, mwadya nawo?

Funso ili latipweteka koma tiliyankha poti lafunsidwa kangapo. Palibe khobidi lomwe timalandira kwa kampani iliyonse. Timaitchula chifukwa kuno zinthu zinakonzedwa mokomera olipira choncho, ngakhale magetsi ndi gasi mtengo wa olipira akalandira bilu umakhala wokwererapo kuposa wa direct debit. Ife maganizo athu ndi akuti n'kulakwa kuti wosauka, yemwe ndalama yake ndi yowerengeka, ndi amene azilipira zambiri. Koma ntchito yathu ndi kukuuzani momwe zilili kuti musaluze ndalama, chisankho n'chanu ndipo wosankha kulipira yekha timamuthandiza chimodzimodzi.

Akatapa ndalama yolakwika ndidzaipezanso?

Eya. Pali chitetezo chotchedwa Direct Debit Guarantee, pakakhala cholakwika pa katapidwe, kaya ndalama yake kaya tsiku lake, banki yanu ndi imene imakubwezerani yonse nthawi yomweyo, simukuyenera kudikira kampani. Akafuna kusintha ndalama kapena tsiku amayenera kukudziwitsani pasadakhale, nthawi zambiri masiku 10 ogwira ntchito. Dziwani kuti kupereka manambala 16 a pa kadi kuti azidula mwezi ndi mwezi si direct debit, chitetezo ichi sichifika kumeneko. Direct debit imafuna sort code, yomwe ndi nambala yozindikiritsa banki yanu, ndi nambala ya akaunti.

Ndingoiletsa pa app ya banki basi?

Ufulu woiletsa muli nawo nthawi iliyonse, koma kuletsa direct debit sikuthetsa kontrakiti. Bilu izibwerabe, ndipo mukapanda kulipira mwa njira ina ngongole imakula, laini amadula, dzina limadetsedwa pa credit file, mbiri ya momwe mumalipirira ngongole, zomwe zimadzakuvutitsani pofuna nyumba ya renti kapena ngongole. Yambani mwauza kampani kuti muzilipira bwanji.

Ndamva kuti pali mitengo yotsika ya anthu ovutika, ife tikuyenera?

Ilipo, amaitcha social tariff, mwachitsanzo BT Home Essentials. Koma apa tisakunamizeni, yambiri imafuna kuti mukhale olandira thandizo la boma monga Universal Credit kapena Pension Credit. Ambiri mwa ife tili pa viza ya ntchito kapena ya sukulu yomwe imaletsa kulandira thandizo la boma, nde khomo limeneli nthawi zambiri limakhala lotseka ngakhale malipiro atachepa bwanji. Chonde musakafunsire Universal Credit pofuna mtengo wotsika wa intaneti viza yanu ikuletsa, mutha kuika mapepala anu okhalira kuno pachiswe. Amene muli ndi chilolezo chokhaliratu kapena unzika ndipo mukulandira kale thandizolo, funsani kampani yanu mwachindunji poti sachita kukuuzani okha. Zoyenereza zimasiyana kampani ndi kampani.

Ndikaona kuti chaji yanga ndiyolakwika ndipite kuti, kapena mundiimbire inuyo?

Kuimba m'malo mwanu sitingathe, kampani imalankhula ndi mwini akaunti yekha kapena amene iye wamulembetsa. Tingakhale nanu pambali ndi kukuthandizani kulemba. Yambani ndi kampaniyo, molemba, muwafunse kuti chajiyo ndi ya chani ndipo ili pati mu kontrakiti, sungani mayankho onse. Akakana, pemphani kalata yosonyeza kuti mwalephera kugwirizana yomwe amati deadlock letter, imeneyo ndi imene mumapita nayo kwa Communications Ombudsman kapena CISAS, mabungwe oweruza madandaulo otere, kutengera komwe kampani yanu inalembetsa, ndipo kumeneko n'kwaulere. Ofcom imalandira madandaulo kuti ione momwe makampani akuchitira koma siiweruza nkhani ya munthu mmodzi. Ngati mukuona kuti akuwonjezerani chifukwa cholipira ndi kadi, auzeninso a Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwaulere, iwo amatumiza nkhani zotere ku Trading Standards, ofesi yoona kuti amalonda akutsata malamulo. Pa nthawi yonseyi gawo la bilu lomwe simukulitsutsa muzilipirabe, ndipo pobwera kwa ife tengani bilu yonse ndi kontrakiti, osati chithunzi cha mzere umodzi wokha.