Kamtsinje kamene kanadula thanthwe ku Watkins Glen

Glen Creek ndi kamtsinje kosaopsa m'maonekedwe. Kukakhala chilala madzi ake amachepa mpaka kungotsala ochucha m'miyala. Koma pa mtunda wa makilomita atatu okha kamatsika mamita pafupifupi 120, kamagwa pa mathithi 19, ndipo kanadzikumbira chigwembe chimene makoma ake amafika mamita 60 malo ena. Malowa ndi paki ya boma la New York ku America, yotchedwa Watkins Glen State Park, pomwe nyanja ya Seneca imathera chakumwera. Ife ophunzira za miyala timafunsidwa kawirikawiri pa malo otere kuti kodi madzi ochepa chonchi anadula bwanji thanthwe lonseli.

Nkhaniyi imayambira kunyanjako. Seneca ndi imodzi mwa nyanja 11 zazitali koma zopapatiza zotchedwa Finger Lakes. Kalekale m'zigwa zimenezi munkangoyenda mitsinje. Kenako dziko linazizira koopsa, ndipo madzi oundana ochindikala anatsika kuchokera ku Canada akukokolola nthaka ndi miyala. Zigwa zoloza kumpoto ndi kumwera, mmene ayeziyo ankayendera, zinakumbika kwambiri, moti Seneca ndi yakuya mamita 188 ndipo pansi pake ndi potsika kuposa pamwamba pa madzi a nyanja yamchere. Timitsinje ta m'mbali, toyenda mopingasa, sitinakumbidwe choncho. Ayezi atasungunuka zaka pafupifupi 12,000 zapitazo, Glen Creek kanapezeka kali pamwamba, chigwa chimene kamathiramo chili pansi penipeni. Madzi akapeza potsetsereka potere amathamanga, ndipo akathamanga amanyamula zida zokumbira.

Zidazo ndi mchenga, nsangalabwi ndi miyala. Madzi oyera paokha sachita zambiri. Mukafika pamwamba pa dziwe lililonse m'chigwembemo, suzumirani m'mphepete mwake: muona maenje ozungulira bwino, osalala mkati, ooneka ngati mtondo wakale umene wasinjidwamo zaka zambiri. Mwala ukakodwa pakadzenje, madzi amauzungulitsa pomwepo, mwalawo nkumapera thanthwe mpaka kudzithera wokha, wina nkulowa m'malo. Maenje oyandikana akakula amaboolana, ndipo mtsinje umatsika pang'ono. Ntchito yaikulu imachitika masiku ochepa a madzi osefukira. Tsiku labata limene alendo amajambula zithunzi, kamtsinjeka kamakhala kakupuma.

Nanga bwanji mathithi ali ambirimbiri m'malo mwa amodzi aakulu? Yang'anani khoma. Thanthwe la kuno ndi losanjikizana, mzere pamwamba pa mzere, ina yopyapyala kuposa chala. Zaka pafupifupi 380 miliyoni zapitazo dera lonseli linali pansi pa nyanja, ndipo mitsinje yochokera kumapiri akummawa inkakhuthuliramo matope ndi mchenga mosinthanasinthana. Matopewo anauma nkukhala mwala wofewa wotchedwa shale, umene umanyenyeka m'timapale mukaupanda ndi dzanja. Mchenga unasanduka mwala wolimba. Madzi akafika pa shale amadya msanga, akafika pa mzere wolimba amachedwa. Choncho mlomo wa mathithi alionse ndi mzere wolimba umene wakana kutha, pomwe wofewa wa pansi pake wapita kale.

Pa mathithi otchedwa Cavern Cascade, pafupi ndi polowera, izi zimaoneka bwino kuposa pena paliponse. Njira imadutsa kuseri kwa madzi, munthu nkumayenda m'kamphako, denga la mwala pamutu, madzi akugwa mbali inayo moti mutha kuwakhudza. Anthu ambiri amathamangira kujambula madziwo. Ine ndimati tembenukani kaye muone khoma lakumbuyo, lakuda, lonyowa, lodzaza timizere: pamenepo ndi pamene shale anadyeka nkusiya mpata umene mwaimamowo. Kutsogolo, pa Rainbow Falls, njira imalowanso kunsi kwa madzi ena ogwa kuchokera m'mbali, ndipo dzuwa likawomba bwino masana pamaoneka utawaleza.

Chinthu chinanso ndi ming'alu. Makoma ambiri m'chigwembechi ndi owongoka ngati anadulidwa ndi macheka, ndipo alendo amaganiza kuti ndi ntchito ya amisiri. Ayi, thanthweli linang'aluka lokha kalekale chifukwa cha kukankhana kwa nthaka pamene mapiri ankapangika, ndipo ming'aluyo imadutsana molunjika. Madzi amalowa mmenemo. Nyengo yozizira ikafika amaundana, ndipo madzi akaundana amafufuma, nkukankha mwala pang'onopang'ono. Akasungunuka amalowa mkati kwambiri, nkuundananso. Potsiriza chigamphu chimagwa. Mtsinje umakumba chotsika, kuzizira kumakulitsa m'mbali, nchifukwa chake malo ena ndi opanikizana ndi amdima pomwe ena, monga Glen Cathedral, ndi otambalala ndipo dzuwa limafika pansi.

Kugwa kwa miyala kumeneku sikunathe. Njira ya pansi, Gorge Trail, imatsekedwa nyengo yonse yozizira ndipo nthawi zambiri imatsegulidwa cha m'Meyi mpaka chakumapeto kwa Okutobala. Isanatsegulidwe, antchito a pakiyi amatsika makomawo pa zingwe, akugwetsa dala mwala uliwonse wogwedezeka. Ena amadandaula akapeza chipata chotseka dzuwa likuwala bwino, koma kamwala kokwana m'dzanja kochokera mamita 50 m'mwamba nkokwanira kupha munthu.

Malowa anayamba kulandira alendo olipira mu 1863, pansi pa mtolankhani wina dzina lake Morvalden Ells, ndipo boma la New York linawagula mu 1906. Mu Julayi 1935 kunagwa chimvula chimene chinasefukitsa kamtsinjeka nkuwononga njira ndi milatho yambiri. Zambiri mwa zomanga zamiyala zimene mumapondapo lero ndi za pambuyo pa ngoziyo, ndipo anyamata a Civilian Conservation Corps, gulu limene boma la Pulezidenti Franklin Roosevelt linakhazikitsa mu 1933 kuti achinyamata osowa ntchito apeze chochita, anagwira nawo ntchitoyo. Anamanga mwaluso moti malo ena nkovuta kuona pamene thanthwe lathera ndi pamene khoma lomangidwa layambira.

Gorge Trail ndi yaitali makilomita pafupifupi 2.4, koma musanyengeke ndi kufupikako: masitepe ake amiyala ndi oposa 800, ndipo kumapeto akumtunda kuli chitunda chotchedwa Jacob's Ladder cha masitepe 180 otsatizana. M'chilimwe mumakhala basi yonyamula anthu pakati pa zipata, ndiye ambiri amakwera basi kupita kumtunda nkumatsika wapansi. Malangizo anga ndi oti muyambire kunsi. Mathithi amakhala patsogolo panu m'malo mokhala kumsana, ndipo pa mwala wonyowa munthu amaterereka kwambiri potsika kuposa pokwera. Pobwerera mutha kudzera njira za pamwamba, m'mphepete mwa chigwembe, zimene nzouma ndi zamthunzi.

Valani nsapato zogwira pansi. Masilipasi ndi nsapato zosalala kunsi nzosayenera, chifukwa masitepe ena sauma chaka chonse ndipo pamamera ndere. Foni ikhale m'thumba mukamayenda, muziitulutsa mutaima. Agalu saloledwa m'njira ya pansiyi, kusambira m'maiwe nkoletsedwanso, ndipo chifukwa chake ndi maenje aja: dziwe looneka labata limatha kukhala lakuya, lozizira, makoma ake osalala opanda pogwira, madzi akuzungulira pansi. Wofuna kusambira apite ku dziwe lomangidwa limene lili m'pakimo. Ndipo ngati kwagwa mvula yamphamvu usiku kapena mitambo yachita bii kumtunda, funsani antchito apachipata musanalowe, chifukwa m'malo opanikizana aja madzi akakwera mulibe kothawira.