Mbiri ya mawu akuti capture, kuchokera ku uzimba mpaka ku boma

Aliyense amene anamasulirapo nkhani kuchokera m'Chingerezi amadziwa kuti mawu akuti capture salola kuwamangirira pa liwu limodzi la Chichewa. Msilikali akagwidwa kunkhondo, Mngerezi amati capture, ndipo mzinda ukalandidwa amanenanso chimodzimodzi. Pamasewero a chess, pamene ife pabawo tikanati munthu wadya, iye amabwereza liwu lomwelo, ndipo salisintha ngakhale pofotokoza za wojambula chithunzi kapena kalaliki amene akulowetsa mayina a anthu mu kompyuta. Ife ntchito zimenezi tinazigawira mawu osiyanasiyana, monga kugwira, kukola, kulanda, kudya ndi kujambula, koma Chingerezi chinaziunjika zonse pa liwu limodzi. Chimene chimazilumikiza chimaoneka tikalondola kumene liwulo linachokera, chifukwa kuyambira kale linali la alenje ndi oweruza milandu, ndipo funso limene limayenda nalo ndi lakuti chinthu chikagwidwa, mwini wake ndani.

Gwero lake ndi Chilatini, chiyankhulo cha Aroma. Iwo anali ndi mneni wakuti capere, kutanthauza kutenga kapena kugwira, ndipo chinthu chogwidwa ankati ndi captus. Pamenepo ndi pamene panaphuka dzina lakuti captura, limene linkanena makamaka za kugwira nyama ndi nsomba, za zogwidwazo, komanso za phindu limene munthu wapeza. Afalansa analitenga n'kulisandutsa capture, ndipo Angerezi analibwereka kwa Afalansa chapakati pa zaka za m'ma 1500. Kwa zaka zoposa 200 linali dzina chabe, lotchulira kugwidwa kwa munthu kapena katundu, ndipo linayamba kugwira ntchito ngati mneni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Nthawi imeneyo isanafike, Mngerezi wofuna kunena kuti wagwira mdani ankati take, kapena ankatenga liwu lakuti captive, limene lero limatanthauza wogwidwa, n'kuligwiritsa ntchito ngati mneni.

Pamene capture linkafika ku England, abale ake anali atakhazikika kale kumeneko. M'Chilatini cha anthu wamba munali mneni wina wochokera ku capere yemweyo, wotanthauza kuyesetsa kugwira, ndiko kuti kusaka. Anthu a kumpoto kwa France, kwawo kwa Anormani amene anagonjetsa England mu 1066, ankautchula kuti cachier, pamene a chigawo cha Paris ankati chacier. Chingerezi chinalandira matchulidwe onse awiri, loyamba n'kukhala catch, lachiwiri n'kukhala chase. Poyamba catch ankatanthauzanso kuthamangitsa, koma m'kupita kwa nthawi mawu awiriwa anagawana ntchito, chase n'kutsala ndi liwiro, catch n'kutenga mathero ake. Ku banja lomweli kumachokeranso accept, receive, capable ndi caption. Liwu lomalizali kale linkatanthauza kugwira munthu mwalamulo, kenako chiganizo cha pamwamba pa chikalata cha kukhoti chonena kumene ndi tsiku limene umboni unatengedwa, ndipo ndi njira imeneyo imene linadzera kuti lifike pa mawu olembedwa pansi pa chithunzi m'nyuzipepala.

Nthambi ina ya banjali ikuonetsa mmene anthu akale ankaonera munthu wogwidwa. Chilatini chinkamutcha captivus, ndipo liwu limeneli m'Chitaliyana linasanduka cattivo, kutanthauza woipa, m'Chifalansa chétif, kutanthauza wonyentchera, ndipo m'Chingerezi chakale caitiff, munthu wamantha ndi wachabechabe. Tsoka la wogwidwa linasandutsidwa khalidwe lake. Koma si mawu onse oyamba ndi cap amene ali a m'banjamo: captain, pamodzi ndi capitão wa Apwitikizi amene anatipatsa kapitawo wa kuesiteti, anachokera ku caput, kutanthauza mutu.

Zosangalatsa n'zakuti chase ndi capture, ana a mimba imodzi, anadzakumana pabwalo la milandu. Lodowick Post anali pauzimba ndi agalu ake pagombe lopanda mwini ku Long Island, m'chigawo cha New York, akuthamangitsa nkhandwe. Jesse Pierson, akudziwa bwino lomwe kuti nyamayo ili ndi oisaka, anaidulira kutsogolo, n'kuipha, n'kuinyamula. Post anakasuma ndipo bwalo laling'ono linamukomera, koma Pierson anachita apilo, ndipo mu 1805 khoti lalikulu la New York linatembenuza chigamulocho. Jaji Daniel Tompkins, amene pambuyo pake anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa America, anatsamira pa malamulo a Aroma amene mfumu Justinian anawasonkhanitsa mu 533. Malamulowo amati nyama yakutchire ilibe mwini kufikira wina ataigwira, choncho kuithamangitsa kokha, ngakhale thukuta litachuluka bwanji, sikupatsa munthu umwini. Khotilo linavomereza kuti amene walasa nyama bala loti ifa nalo n'kupitiriza kuilondola, kapena amene waikola mu ukonde moti singathawe, ameneyo tinganene kuti waigwira, koma Post sanachite chilichonse mwa zimenezi.

Jaji Brockholst Livingston sanagwirizane ndi anzakewo. Iye anati mlanduwo unayenera kupita kwa alenje, amene akanauthetsa mosavuta, osati kwa anthu ofukula mabuku akale, ndipo anafunsa kuti ndani angamaweterenso agalu n'kumalawirira m'bandakucha ngati munthu wongodutsa angathe kutola nyama imene wina waitopetsa. Kunena zoona, mtima wa munthu wamba umapendekera kwa Livingston, chifukwa zimene anachita Pierson ndi khalidwe lopanda ulemu. Komabe khoti linasankha lamulo losavuta kulitsimikiza, poona kuti dzanja limene lagwira nyama aliyense amaliona, pamene za amene anayamba kuithamangitsa anthu angakangane mpaka dzuwa kulowa. Ophunzira zamalamulo ambiri ku America amawerengabe mlandu wa nkhandwe umenewu m'chaka chawo choyamba, ndipo mfundo yake imatchedwa rule of capture.

Mfundoyi sinathere pa nkhandwe. Mafuta apansi atayamba kukumbidwa ku Pennsylvania mu 1859, makhoti anakumana ndi chinthu chimene chimayenda pansi pa nthaka osasamala malire a minda. Mu 1889 khoti lalikulu la chigawocho linayerekeza mafuta ndi gasi ndi nyama zakutchire, kuti ndi zako zikakhala pansi pa malo ako, koma zikasamukira kwa mnzako iye n'kuzipopa, zasanduka zake. Mu 1904 khoti lalikulu la Texas linagamula zofanana pa madzi apansi, pamlandu wa munthu amene chitsime chake chinaphwa kampani ya njanji itakumba chachikulu pafupi naye. Zotsatira za lamuloli pa mafuta zinali zoonekeratu: aliyense ankathamangira kukumba zitsime zambiri m'malire mwa malo ake kuti apope mnzake asanamupopere. Mafuta ochuluka atapezeka kum'mawa kwa Texas mu 1930, anasefukira pamsika moti mu 1931 mgolo umodzi unatsika mpaka pafupifupi masenti 10, ndipo bwanamkubwa Ross Sterling anachita kutumiza asilikali kukatseka zitsimezo.

Panyanja napo liwuli linali ndi ntchito yaikulu, chifukwa ndilo linkasiyanitsa msilikali ndi wachifwamba. Mu February 1603 Jacob van Heemskerck wa ku Holland analanda sitima ya Apwitikizi yotchedwa Santa Catarina pafupi ndi Singapore, ndipo katundu wake atagulitsidwa ku Amsterdam anabweretsa ndalama za ku Holland zotchedwa guilder zoposa 3 miliyoni. Kuti kulanda kumeneku kusatchedwe umbava, khoti la zapanyanja linayenera kukuvomereza, ndipo linatero mu 1604. Loya wachinyamata Hugo Grotius anapatsidwa ntchito yolemba zoikira kumbuyo mchitidwewo, ndipo gawo limodzi la zolembazo linasindikizidwa mu 1609 monga mfundo yakuti nyanja ndi ya aliyense. Malamulo aakulu a dziko la America, olembedwa mu 1787, amapatsa nyumba ya malamulo mphamvu yokhazikitsa malamulo okhudza captures pamtunda ndi pamadzi. Mayiko ambiri anadzathetsa mchitidwe wopatsa eni sitima wamba chilolezo cholanda zombo za adani pamgwirizano wa ku Paris mu 1856, ngakhale America sinasaine nawo.

Lamulo lomwelo la zogwidwa panyanja ndi limene Britain inagwiritsa ntchito italetsa malonda a akapolo mu 1807. Sitima zake zankhondo zinkagwira zombo zonyamula akapolo n'kupita nazo ku Freetown, ku Sierra Leone, kumene khoti linkagamula kuti chombocho chagwidwa mwalamulo, anthu a m'katimo n'kumasulidwa. Olemba mbiri amawatcha anthu amenewa recaptives, ndiko kuti ogwidwa kachiwiri, dzina losonyeza kuti ufulu wawo unadzera m'kugwidwanso. Mmodzi mwa iwo anali Samuel Ajayi Crowther, mnyamata wachiyoruba amene anapulumutsidwa mu 1822 ndipo mu 1864 anadzozedwa kukhala bishopu wa mpingo wa Anglican. Ku Freetown komweko mmishonale wa ku Germany, Sigismund Koelle, anafunsa akapolo omasulidwa za ziyankhulo zawo n'kusindikiza zimene anapeza mu 1854, ndipo pakati pa ofunsidwawo panali munthu wotchedwa Mateke, amene chiyankhulo chake chinalembedwa kuti ndi cha Amaravi. Mawu amene iye anapereka ali m'gulu la mawu a Chinyanja oyambirira kulembedwa papepala.

Asayansi ndi amisiri a makina anangotola liwuli n'kulipatsa zinthu zina zoti ligwire. Kamera imagwira kuwala, kompyuta imagwira zimene zili pasikirini, ndipo carbon capture ndi kutchera mpweya woipa usanakwere kumwamba, monga akhala akuchitira pamalo okumba gasi a Sleipner m'nyanja ya Norway kuyambira 1996. Akatswiri a za nthaka amati river capture pamene mtsinje wina wadya kumtunda mpaka kulanda madzi a unzake, ndipo ambiri a iwo amakhulupirira kuti kumtunda kwa Zambezi kale kunkathira madzi kumwera, kudera la Makgadikgadi ku Botswana, kusanalandidwe n'kuyamba kulowera kum'mawa.

Tanthauzo limene lamveka kwambiri kuno kumwera kwa Africa linabadwira m'maphunziro a zachuma. Mu 1887 America inakhazikitsa bungwe la Interstate Commerce Commission kuti liziyang'anira makampani a njanji, ndipo mu 1892 loya Richard Olney analangiza mkulu wa kampani ina ya njanji kuti asalimbane ndi kuthetsa bungwelo, chifukwa limatonthoza anthu odandaula, pamene likamakalamba lidzayamba kuona zinthu ndi maso a makampaniwo. George Stigler wa ku yunivesite ya Chicago, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1982, anafotokoza mwadongosolo mu 1971 kuti nthawi zambiri malamulo oyang'anira malonda amagwera m'manja mwa oyang'aniridwawo n'kumawatumikira, ndipo zimenezi zimatchedwa regulatory capture. Mu 2000 Joel Hellman, Geraint Jones ndi Daniel Kaufmann, polembera World Bank za mayiko amene anatuluka mu chikomyunizimu, anakuza mfundoyi n'kufika pa state capture. Iwo anasiyanitsa chiphuphu wamba, chimene munthu amapereka kuti azembe lamulo limene lilipo, ndi mchitidwe wogula olemba malamulowo kuti lamulo lenilenilo lituluke lokomera wogulayo.

Ku South Africa mawuwa anatuluka m'mabuku n'kufika m'mateksi ndi m'misika. Pa 9 December 2015 Pulezidenti Jacob Zuma anachotsa nduna ya zachuma Nhlanhla Nene n'kuikapo Des van Rooyen, phungu wosadziwika, amene anakhalapo masiku 4 okha ndalama ya randi itagwa. Mu March 2016 wachiwiri kwa nduna ya zachuma, Mcebisi Jonas, anaulula kuti a banja la Gupta, amalonda ochokera ku Saharanpur ku India, anamulonjeza mpando wa undunawo, ndipo pambuyo pake anati panalinso ndalama zokwana R600 miliyoni. A Gupta anakana zonsezo. Lipoti la Thuli Madonsela, amene anali Public Protector, mkulu wofufuza madandaulo a anthu pa ntchito za boma, linatuluka pa 2 November 2016 ndi mutu wakuti State of Capture, ndipo mu 2017 bungwe loona za ziyankhulo m'dzikomo linasankha state capture kukhala mawu a chakacho. Komiti yofufuza ya Jaji Raymond Zondo inayamba kumva umboni mu August 2018, Zuma atatula kale pansi udindo mu February, ndipo inapereka gawo lomaliza la lipoti lake mu June 2022, litatsimikiza kuti makampani a boma monga Eskom ndi Transnet anaikidwiratu akuluakulu oti azipereka makontrakiti kwa anthu osankhika.

Pomasulira mawu awiriwa, state capture, m'Chichewa, ena amati kulanda boma, koma zimenezo zimapatsa womvera chithunzi cha asilikali atazungulira nyumba ya wayilesi, pamene ku South Africa palibe anaomba mfuti, nyumba ya malamulo inkakumana, ndipo nduna zinkalumbirira maudindo awo monga mwa masiku onse. Kungoti katangale nakonso n'koperewera, chifukwa kumasakaniza nkhaniyi ndi ya wapolisi wapamsewu wolandira ya fanta. Oyandikirako ndi mawu amene timanena za munthu wachuma amene akuluakulu a m'dera amamugwadira, akuti anawaika m'thumba, popeza woikidwa m'thumba amakhalabe pampando wake ndi chidindo chake, n'kumasaina zimene mwini thumbayo wamuuza.