Kaundula poyamba, choko pambuyo

Mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, kuzizira kwa kuno ku Dedza kusanatheretu, ndimakhala mu holo ya ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amachitirako maphunziro awo, ndi achinyamata amene avomera kudzipereka chaka chathunthu kuthandiza m'sukulu za pulayimale zomwe zili ndi ana ambiri koma aphunzitsi ochepa. Ena angolemba kumene MSCE, ena adamaliza kosi ya uphunzitsi koma sadalembedwe ntchito. Bungwe kapena mpingo umene wawatuma umangowapatsa kangachepe ka sopo. Tsiku loyamba ndimawafunsa chimene abwerera, ndipo yankho limakhala limodzi: "Tabwera kudzaphunzitsa." Ndikamva zimenezo ndimatulutsa makaundula akale a m'makalasi, nditabisa mayina a ana, n'kuwagawira awiriawiri kuti aone zimene zalembedwamo.

Poyamba amangoona mizere ndi timaziro tosonyeza kujomba. Pakapita kanthawi wina amakweza dzanja. Waona mwana amene amajomba tsiku limodzimodzi sabata iliyonse, ndipo tikafufuza timapeza kuti ndi tsiku la msika, mwanayo amakhala pamsewu ndi beseni la mbatatesi kapena tomato. Wina waona mtsikana wa Sitandade 6 amene amasowa masiku atatu kapena anayi mwezi ndi mwezi. Wina waona kuti Januwale akangolowa, timaziro timachuluka ngati nyerere, chifukwa pakhomo chakudya chatha ndipo ana apita ku ganyu yopalira. Kumapeto kwa tsamba kuli mayina odulidwa ndi mzere wofiira. Ndimawauza kuti atsate dzina limodzi lodulidwa chobwerera m'mbuyo, ndipo amaona okha kuti mwanayo sadasiye sukulu tsiku limodzi. Adayamba ndi kujomba Lachisanu, kenaka masiku awiri, kenaka sabata yathunthu, ndipo nthawi yonseyo panalibe amene adapita kwawo kukafunsa.

Munthu wopita kukafunsayo ndiye wodzipereka. Maphunziro onse amene timawapatsa asanayambe ntchito amazungulira pamenepa.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndidaidutsa ndekha. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chidali chinthu chabwino kwambiri, ana a anthu osauka adalowa m'kalasi. Koma aphunzitsi adapelewera, motero anthu zikwizikwi opanda kosi adalembedwa ntchito, n'kuphunzitsidwa masabata ochepa chabe. Ine ndidali mmodzi wa iwo. Adandipatsa Sitandade 1, ana opitirira 100 atakhala pansi pa mtengo wa mkuyu. Ndinkaphunzitsa ndi mtima wonse, ana ankayankha mokweza mpaka mawu kumveka kumsewu, ine n'kumaganiza kuti zikuyenda. Chaka chitatha ndidayesa mwana mmodzimmodzi ndipo ndidapeza kuti amene ankawerengadi adali a kutsogolo okha. Enawo ankangotsatira mawu a anzawo. Nkhope za ena mwa anawo ndimazikumbukirabe. Kosi ya MIITEP, yomwe idabwera pambuyo pake kudzatiphunzitsa tili kale pantchito, idandithandiza ine, koma ana a chaka choyambacho adali atapitirira kale.

Lero mphunzitsi wa pulayimale amaphunzira zaka ziwiri, monga amachitira atsikana a ku koleji ya St Joseph's ku Bembeke kuno. Wodzipereka sangalandire zonsezo m'masabata awiri kapena atatu, ndipo tisamadzinamize kuti angatero. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti iye ndi wothandizira mphunzitsi, osati wolowa m'malo mwake. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana osapitirira 60, koma m'sukulu zambiri za kumudzi makalasi oyambirira amadutsa pamenepo kutalitali. Mphunzitsi wamkulu akaona mnyamata wamphamvu zake wafika, mtima umamuuza kuti amupatse kalasi yonse, ndipo sindimuda, chifukwa iyenso wapanikizika. Komabe kuchita zimenezo n'kubwereza za 1994. Inu a komiti ya sukulu ndi makolo, mukamva kuti wodzipereka wasiyidwa yekha ndi Sitandade 1 kwa teremu yonse, funsani.

Nthawi yochuluka ya maphunzirowa timaithera pa kuwerenga, chifukwa mwana amene wafika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga amavutika m'phunziro lililonse, ndipo nthawi zambiri ndi amene amadzadulidwa ndi mzere wofiira uja. Kuyambira 2016 sukulu za boma zimatsata ndondomeko yophunzitsira kuwerenga ya National Reading Programme m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4. Wodzipereka ayenera kuidziwa kuti asamasokoneze zimene mphunzitsi waphunzitsa m'mawa. Achinyamata ambiri amadabwa kumva kuti sitiyambira pa a, b, c, d monga momwe adaimbira iwo ali ana. Timayamba ndi malembo amene amapezeka kawirikawiri m'Chichewa, ndipo aphunzitsi amawakumbukira ndi mawu akuti anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Ubwino wake ndi woti mwana akangodziwa malembo awiri oyambawo angathe kale kuwerenga "ana". Akawonjezera i ndi k akuwerenga "ika", "kana", "ina". Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akawerenga yekha liwu lenileni sabata zoyambirira, amabwera mawa lake akuthamanga.

China chovuta kuchizolowera ndi kusiyanitsa dzina la lembo ndi liwu lake. Wodzipereka akaloza m amakonda kunena "emu", pamene mwana akufunika kumva "mmm", kuti akaliphatikiza ndi a limupatse "ma". Timakhala masana onse tikuyeserera maliwu ndi maphatikizo, akuluakulu ndevu zili pepeya, mpaka pakamwa pazolowere. Kenaka timayeserera kayendetsedwe ka phunziro: iwe uchite iwo akuona, muchitire limodzi, kenaka achite okha. Gawo lachitatuli ndi limene limasowa m'kalasi ya ana 100, ndipo ndi limene wodzipereka angalipereke atatenga ana asanu kapena asanu ndi mmodzi n'kukhala nawo pamkeka kuseri kwa kalasi.

Kuti adziwe ana oyenera kuwatenga, timawaphunzitsa kuyesa mwana payekha. Sipafunika zipangizo zapamwamba. Mwana amakhala pambali pako, umamupatsa buku, n'kuphimba chithunzi ndi dzanja. Ndidaonapo kamtsikana ka Sitandade 2 kakuwerenga tsamba lonse mosadodoma, mphunzitsi wake akunyadira. Nditaphimba chithunzi n'kuloza liwu la pakati pa mzere, kadangoti duu, maso ali pa ine. Kadali kataloweza tsamba lonse ngati nyimbo. Mutu wake udali wakuthwa zedi, kungoti panalibe amene adakhalapo nako pansi. Ana otere ndi ambiri, ndipo amasintha msanga akapeza wowasamala. M'madera ena a Dedza mulinso ana amene kunyumba amalankhula Chiyao, ndipo kukhala chete kwawo m'kalasi sikutanthauza kuti ndi mbuli. Wodzipereka aphunzire ngakhale moni ndi mawu ochepa a chilankhulo chawo.

Za zipangizo sitichedwapo. Mabuku ndi ochepa, aliyense akudziwa. Aphunzitsi tili ndi mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo: zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu, makatoni odula n'kulembapo maphatikizo, mapesi, ngakhale dothi la pabwalo lolembapo ndi chala. Aliyense amachoka pamaphunzirowa ndi thumba lake la makadi amene wapanga yekha.

Ntchito yotereyi si ya kuno kokha. Ku America kuli bungwe la City Year, lomwe lidayamba ku Boston mu 1988, ndipo limatumiza achinyamata kukathandiza chaka chimodzi m'sukulu za m'madera osauka. Iwo amayang'anira zinthu zitatu mwa mwana: kabweredwe kake kusukulu, khalidwe lake, ndi momwe akukhozera chiyankhulo ndi masamu. Zizindikiro zimenezi n'zothandiza ngakhale ku Mayani kapena ku Golomoti. Chosiyana ndi zifukwa zake. Wathu amajomba chifukwa mtsinje wadzaza, chifukwa malungo amugwira, chifukwa tsiku limenelo phala silidaphikidwe kusukulu, kapena chifukwa amayi ake apita kumaliro ndipo iye watsala ndi mwana kumbuyo.

Pali tsiku limodzi limene sindilola wina aliyense kujomba, tsiku lokamba za malire. Chikwapu n'choletsedwa m'sukulu zathu, ngakhale ambiri a ife tidakula nacho, ndipo kukumbitsa mwana dzenje nthawi ya maphunziro ndi chikwapu chomwecho chovala malaya ena. Wodzipereka asatume ana kukamutungira madzi kapena kukamusesera kunyumba kwake. Asakhale ndi mwana yekha m'chipinda chotseka. Ndipo apa ndimalankhula mosapsatira: mnyamata wa zaka 21 akafika kumudzi atavala bwino, foni ili m'manja, atsikana a Sitandade 7 ndi 8 amamuona. Kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Palibe chibwenzi pakati pa wodzipereka ndi wophunzira, ngakhale makolo atavomera, ngakhale mtsikanayo ataoneka wamkulu thupi. Wochita zimenezo waphwanya lamulo ndipo wawononga dzina la anzake onse odzabwera pambuyo pake.

Timawaphunzitsanso chochita mwana akawaululira zoopsa, monga kugwiriridwa kapena kukakamizidwa banja. Asalonjeze kusunga chinsinsi, ndipo asayambe kufufuza okha ngati apolisi. Amvetsere modekha, kenaka nkhaniyo ifike kwa mphunzitsi wamkulu, kwa amayi a mother group (gulu la amayi osamalira atsikana pasukulu), kwa ogwira ntchito yoteteza ana, kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya foni yothandiza ana, ya 116, ndi yaulere. Kuno ku Dedza tili ndi chitsanzo cha malemu mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto, amene adathetsa maukwati ambirimbiri a ana m'dera lawo n'kubwezera anawo kusukulu. Ndipo kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera m'kalasi. Makolo ena mpaka lero sadziwa zimenezi, ndipo wodzipereka amene akuyendera pakhomo ndi amene angawauze.

Kuyendera pakhomoko kuli ndi mwambo wake. Sulowa m'mudzi ndi kaundula m'manja ngati wabwera kudzatolera ngongole. Umayamba wakaonekera kwa amfumu, mphunzitsi wamkulu akukuperekeza. Kukagwa maliro umapita kukakhuza. Ukafika pakhomo umaodira, umakhala pansi, umalonjerana ndi eni khomo, kenaka n'kunena kuti, "Mayi, ndabwera kudzamuona mwanayu, tamusowa kusukulu." Za gule ndi zinamwali, wodzipereka asanyoze ngakhale chikhulupiriro chake chitakhala china. Ngati mwambo ukugundana ndi masiku a sukulu, nkhaniyo amaikambirana ndi amfumu ndi a komiti, ndipo mafumu ambiri amamva akafikiridwa mwaulemu. Safunsa adadya phula, choncho mlendo afunse kaye aphunzitsi amene akhalitsa pamalopo.

Funso limene ndimalisunga mpaka kumapeto ndi la chaka chenichenicho. Teremu yoyamba imayenda bwino, aliyense amakhala ndi mphamvu. Yachiwiri ndiyo imayesa munthu. Mvula ili pakati, msewu ndi matope okhaokha, nyumba ikudontha, kangachepe kaja kachedwa, ndipo anzako a kutauni akukuimbira kuti kwapezeka ntchito. Sindiweruza wachinyamata amene akufuna tsogolo lake. Koma mwana amene adayamba kukhulupirira kuti pali munthu womudziwa dzina, akamuona munthuyo wasowa mu Febuluwale osatsanzika, amabwerera kumbuyo kwa kalasi kuja ndipo kumutulutsakonso kumavuta. Choncho ndimawapempha kuti amene akudziwa kuti sakwanitsa anene pano, Seputembala asanafike. Nawonso mabungwe owatuma azisunga lonjezo lawo pa tsiku lake, ndipo aziwayendera, chifukwa munthu wanjala wosiyidwa yekha sangasamale mwana wanjala.

Tsiku lomaliza aliyense amalandira kope la masamba 80. Patsamba loyamba amalemba dzina la sukulu ndi la mphunzitsi amene akagwire naye ntchito limodzi. Masamba otsatirawo ndi a ana, mwana aliyense tsamba lake: malembo amene akuwadziwa, masiku amene wajomba, mudzi wake, ndi amene akukhala naye. Masabata awiri oyamba sakaphunzitsa kanthu. Akakhale kumbuyo kwa kalasi, pansi pomwe pakhala anawo, aloweze mayina, aone amene sakweza dzanja ndi amene alibe pensulo. Mu Julaye kopelo adzalisiya mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kuti wodzabwera chaka chamawa adzayambire pomwe iye wasiyira.